Ndemanga pa vidiyo sho ya pa Dedza yoonetsa mpira wa m'mayunivesite a ku America ndi NBA

Pa boma la Dedza pali malo angapo oonetsa mpira, ndipo pafupifupi onse amadalira ligi ya ku England kuti apeze makasitomala, koma pali vidiyo sho imodzi yomwe mwini wake anaganiza zowonjezerapo masewera awiri amene anthu ambiri kuno sawatsatira, omwe ndi mpira wa m'mayunivesite a ku America (uja wonyamula m'manja, wotchedwa American football) ndi basketball ya ligi ya ku America ya NBA. Ndakhala ndikupitako kwa nthawi yoposa chaka, ndipo ndaona kuti ndi bwino ndilembe zomwe ndapezako, zabwino ndi zoipa zomwe, pofuna kuyankha anzanga amene amandifunsa ngati n'koyeneradi kusiya bulangete pakati pa usiku wa mwezi wa Juni kukakhala pa benchi. Dzina la malowo sinditchula, chifukwa zina zomwe ndinene ndi madandaulo, ndipo mwini wake ndi munthu amene ndimakumana naye pa chiwaya cha tchipisi pafupifupi tsiku lililonse.

Malowo ali ndi zipinda ziwiri. Chachikulu, chomwe chinayang'ana kumsewu, chili ndi kanema wamkulu ndi mabenchi ambiri, ndipo ndi cha mpira wa miyendo basi. Chaching'ono chili kumbuyo, ndipo kale munkasungidwa matumba a mbatatesi, moti mvula ikagwa fungo la dothi ndi masaka limabwereranso ngati matumbawo achotsedwa dzulo. M'menemo ndi momwe muli kanema wachiwiri, wocheperapo, wolumikizidwa ku dishi komanso ku kompyuta yakale ya mwini malo, popeza masewero ena a ku America amapezeka pa dishi pomwe ena amafunika intaneti. Pakhomo amalipiritsa K1,000 pa masewero a madzulo ndi K1,500 pa masewero a pakati pa usiku, ndipo amalandira ndalama za pafoni kwa amene alibe zapamanja. Mtengowo sindiudandaula, poganizira kuti bandulo ya intaneti ndi mafuta a jenereta zimatuluka m'ndalama yomweyo, pamene oonera m'chipinda chakumbuyocho nthawi zambiri sitikwana 20.

Choyamba chomwe ndimayamikira ndi bolodi lakuda lomwe limakhala pakhonde, pomwe mwini malo amalembapo ndi choko masewero a sabata yonse pa nthawi ya kuno kwathu. Ntchito imeneyi imaoneka yaing'ono koma imasocheretsa anthu ambiri. Kuyambira kumayambiriro kwa Novembala mpaka mu Malichi, Malawi amakhala patsogolo ndi maola 7 poyerekeza ndi chigawo chakum'mawa kwa America, koma miyezi inayo kusiyanako kumakhala maola 6, chifukwa kumeneko amasuntha mawotchi awo kawiri pa chaka pomwe ife sitisuntha. Kuwonjezera apo, masewero omwe pa intaneti alembedwa kuti achitika Lamlungu usiku, kuno amatipeza Lolemba m'bandakucha. M'chaka chonse chomwe ndakhala ndikuwerenga bolodi limeneli, sindinafikeko pa malowo n'kupeza kuti ola kapena tsiku linalembedwa molakwika, ndipo kwa munthu amene wayenda wapansi mumdima kuchokera kunyumba, chimenecho n'chachikulu.

Tsiku lomwe linandionetsa ubwino weniweni wa malowa linali Loweruka, pa 30 Novembala 2024, pamene timu ya yunivesite ya Ohio State inkalandira ya yunivesite ya Michigan mumzinda wa Columbus. Masewero amenewa mwachizolowezi amayamba 12 koloko masana kumeneko, yomwe ndi 7 koloko madzulo kuno, choncho ndi amodzi mwa masewero ochepa a ku America omwe munthu angaonere n'kukagona pa nthawi yabwino. Vuto linali lakuti patangopita theka la ola, Arsenal inkayamba kusewera ndi West Ham m'chipinda chachikulu, ndipo masewerowo anatha 5-2, zigoli zonse 7 zitalowa m'chigawo choyamba. Khoma logawa zipinda ziwirizi silinafike kudenga, moti chigoli chilichonse cha Arsenal chinkatigwedeza ife akumbuyo, ndipo woulutsa mpira wathu sitinkamumva ngakhale pang'ono. Ili ndi dandaulo langa loyamba, ndipo mankhwala ake ndi njerwa zochepa chabe ndi thumba la simenti.

Chomwe chinatipulumutsa ndi mwini malo mwiniyo, amene ali ndi chizolowezi choima pambali pa kanema ndi kandodo, n'kumafotokozera alendo zomwe zikuchitika. Amanena mwachidule kuti timu iliyonse imakhala ndi osewera 11 m'bwalo, kuti timu yomwe ili ndi mpira imapatsidwa mwayi kanayi woti iusunthe mayadi 10, ndipo ikalephera mpira umapita kwa anzawo. Kuti kufikitsa mpira kumapeto kwa bwalo kumapereka mapointi 6, pomwe kuumenya ndi phazi kudutsa pakati pa mapolo kumapereka mapointi 3. Obwera koyamba amadandaula kuti uwu ndi mpira wongoimaima, ndipo sanama, chifukwa mphindi 60 za pa wotchi zimatenga maola oposa 3. Koma iye amagwiritsa ntchito kuimaimako kufotokoza mbiri ya udani wa matimuwo, ndipo apa ndi pomwe malowa amasiyana ndi ena onse omwe ndinalowako.

Kwa iye ndi komwe ndinamva koyamba kuti masukulu awiriwa anayamba kukumana mu 1897, kuti bwalo la Michigan ku Ann Arbor limalowa anthu oposa 107,000, ndiponso kuti sabata ya masewerowa ochemerera Ohio State amamata chilembo cha M pa zikwangwani kuti asachione. Anatiuzanso za Woody Hayes, mphunzitsi wa Ohio State amene sankafuna kutchula dzina la Michigan koma ankangoti timu ya kumpoto, ndi za Bo Schembechler, amene anayamba wagwirapo ntchito pansi pa Hayes asanapite kukatsogolera Michigan mu 1969, n'kuyamba kulimbana ndi bwana wake wakale kwa zaka 10. Nditabwerera kunyumba ndinafufuza pandekha ndipo ndinapeza kuti zonsezi anafotokoza molondola.

Oonera okhazikika m'chipindamo aliyense ali ndi njira yake yomwe anafikira ku timu yomwe amaichemerera. Pali bambo wina wachikulire, mphunzitsi wopuma pantchito, amene ali mnyamata anaphunzitsidwa masamu ndi mphunzitsi wa Peace Corps wochokera ku Michigan, ndipo kuyambira pamenepo mtima wake unakhala komweko. Pali mnyamata wogwira ntchito yothandiza anthu kuombola katundu pa chipata cha malire, amene mkulu wake amakhala ku Columbus ndipo amamutumizira zipewa zofiira za Ohio State. Ndiye pali wa kabaza wina amene anagula jekete la Alabama pa kaunjika chifukwa cha kuzizira kwa kuno, n'kuyamba kufunsa tanthauzo la mawu oti Roll Tide omwe analembedwa kumsana, mpaka lero ndiye katswiri wa mbiri ya timuyo pa Dedza ponse. Ine ndivomereze kuti ndimachemerera Michigan popanda chifukwa chomveka, kupatula kuti tsiku loyamba ndinakhala benchi limodzi ndi aphunzitsi aja.

Madzulo amenewo mnyamata wa kumalire uja analowa mokondwa, chifukwa Ohio State inali pa nambala 2 m'dziko lonse la America pomwe Michigan inali itapambana masewero 6 n'kugonja 5. Atakhala pansi anatembenukira kwa mphunzitsi wachikulire uja n'kunena kuti, "Aphunzitsi, lero mundikhululukire, koma mubwerera kunyumba ndi misozi." Mkuluyo anangomwetulira n'kuyankha kuti, "Mwana wanga, mpira umenewu suwerengera zomwe unachita mwezi wathawu, dikira uone." Popita kukapuma zinali 10-10, ndipo m'chigawo chachiwiri Ohio State sinapezenso pointi ngakhale imodzi. Kutatsala masekondi osakwana 60, Michigan inamenya mpira pakati pa mapolo n'kupambana 13-10, ndipo aka kanali kachinayi motsatizana kugonjetsa adani akewo kuyambira mu 2021. Masewero atatha osewera a Michigan anafuna kuzika mbendera yawo pakati pa bwalo la eni ake, ndewu inabuka, mpaka apolisi analowererapo. M'chipinda mwathu munalibe ndewu. Mnyamata uja anavula chipewa chake n'kuchiika m'thumba, ndipo aphunzitsi anatuluka panja n'kumugulira tiyi ndi mandasi awiri, akuseka kuti fisi akagwa m'mbuna sayankhula.

Mkangano womwe unabadwa usiku umenewo sunathe mpaka lero, ndipo kwa ine ndi umene umapangitsa K1,000 ija kukhala yosapita pachabe. Patangopita milungu yochepa, Ohio State yomweyo inalowa m'mpikisano womaliza, womwe chaka chimenecho unali utangokulitsidwa kufika pa matimu 12, ndipo mu Januwale 2025 inagonjetsa Notre Dame 34-23 n'kutenga chikho cha dziko lonse. Mnyamata wa kumalire amati chikho ndi chikho, ndipo palibe amene adzakumbukire masewero amodzi a mu Novembala. Aphunzitsi amati iye mwini akudziwa kuti akunama, chifukwa akanakhala kuti anaiwala sakanamayamba yekha nkhaniyo tsiku lililonse. Ine ndili mbali ya aphunzitsi, ndipo aliyense amene anakulira pakati pa ochemerera Bullets ndi Wanderers amvetsa chifukwa chake. Wa Maule amene watenga ligi koma anagonja kwa Manoma amakhala ndi kanthu komutsamwa pakhosi, popeza amene akamuseke kuntchito Lolemba ndi mnzake wa Manoma yemweyo.

Usiku womwewo, nthawi ya 10:30, panalinso masewero a Alabama ndi Auburn, omwe amatchedwa Iron Bowl, ndipo mwini malo sanatilipiritsenso kachiwiri, chomwe ndinachiona kuti ndi chilungamo. Alabama inapambana 28-14, koma masewerowo pawokha sanali okoma kwenikweni, ndipo chomwe chinatigwira chinali nkhani za pa nthawi yopuma. Mwini malo anatsegula pa kompyuta kanema wa masewero a mu 2013, pamene Alabama inayesa kumenya mpira pakati pa mapolo kutatsala sekondi imodzi, mpirawo n'kuperewera, ndipo Chris Davis wa Auburn anaugwira kumapeto kwa bwalo n'kuthamanga nawo bwalo lonse mpaka kupambana 34-28. Wa kabaza uja anatuluka panja kuti asaone, ngakhale zinachitika kalekale iye asanagule n'komwe jekete lake. Atabwerera anatikumbutsa mwaukali kuti mphunzitsi Nick Saban anatenga zikho 6 za dziko lonse ali ku Alabama asanapume mu Januwale 2024, ndipo anafunsa kuti Auburn ili ndi zingati. Kenako panabwera nkhani ya mitengo ya pa Toomer's Corner mumzinda wa Auburn, yomwe ochemerera Auburn amaikoloweka mapepala a kuchimbudzi akapambana, ndipo munthu wina wochemerera Alabama anaithira mankhwala akupha zomera mu 2010 mpaka inauma. Pa nkhani imeneyi wa kabazayo sanaikire kumbuyo mnzake, koma anati munthu wowononga mtengo chifukwa cha mpira ndi wofunika kumupempherera.

Pali mkangano winanso umene umabwerabwera, wokhudza ndalama. Kuyambira mu Julaye 2021 osewera a m'mayunivesitewa analoledwa kupeza ndalama pogwiritsa ntchito mayina ndi nkhope zawo, ndipo masiku ano kusamuka kuchoka sukulu ina kupita ina kunaphweka kwambiri. Aphunzitsi amati zimenezi zidzapha udani wakalewu, chifukwa mnyamata amene chaka chino wavala malaya a sukulu iyi, chaka chamawa a sukulu ina, sangamve kuwawa kwa kugonja ngati mmene ankamvera akale. Anyamata amayankha kuti si chilungamo kuti bwalo lidzaze anthu oposa 100,000, mphunzitsi wa timu alandire mamiliyoni a madola, koma amene akuthyoka mawondo atuluke chimanjamanja. Pamenepa ndimasiyana ndi aphunzitsi, ndipo ndinawauza mwaulemu kuti udani wa masukulu umakhala mwa ochemerera ndi mwa ophunzira akale, amene sasamuka, osati mwa osewera okha.

Tsopano ndinene za basketball, komwe ndemanga yanga siili yokoma chimodzimodzi. Vuto loyamba si la mwini malo, chifukwa masewero ambiri a NBA amayamba madzulo ku America, kutanthauza 2 koloko kapena 3 koloko usiku kuno, ndipo a matimu akumadzulo monga Lakers ndi Golden State Warriors akamasewera kwawo amatipeza kutatsala pang'ono kucha. Ndime yomaliza, momwe matimu awiri amakumana mpaka imodzi itapambana masewero anayi, imachitika mu Juni, mwezi womwe aliyense wodziwa Dedza amaulemekeza, pamene mphepo yochokera kuphiri imalowa ngakhale pansi pa chitseko. Njira yomwe mwini malo anasankha yothana ndi kuzizirako ndi kuika mbaula ya makala pakati pa chipinda n'kutseka zenera lokhalo lomwe lilipo. Usiku wina ndinatuluka mutu ukuwawa kwambiri, ndipo mayi wina amene ndi namwino, yemwe amabwera kudzaonera akaweruka ku ntchito ya usiku kapena akakhala pa tchuthi, anamuuza mosabisa kuti, "Achimwene, utsi wa makala m'chipinda chotseka umapha anthu ali chikhalire, tsegulani zeneralo kapena mutulutse mbaulayi." Anatsegula usiku umenewo, koma sabata yotsatira ndinapeza latsekedwanso. Pa madandaulo anga onse ili ndiye lalikulu, ndipo amene mukupitako mu Juni muvale zokwanira n'kuumirira kuti zenera likhale lotsegula.

Vuto lachiwiri ndi kuchedwa kwa zithunzi pamene masewero akuonetsedwa kudzera pa intaneti. Pa masewero oyamba a ndime yomaliza ya 2025, pakati pa Oklahoma City Thunder ndi Indiana Pacers, dishi linavuta ndipo tinasamukira pa kompyuta. Indiana inali kumbuyo pafupifupi masewero onse, koma kumapeto inayandikira mpaka kutsala ndi pointi imodzi. Ife tili chete kuyang'ana Tyrese Haliburton wa Indiana akuwoloka ndi mpira pakati pa bwalo, anyamata atatu obetcha omwe anakhala kumbuyo, maso ali pa mafoni awo, anakuwa kale kuti walowa. Patapita masekondi angapo ndi pomwe tinauona mpirawo ukulowa m'nkhata, kutatsala masekondi 0.3, Indiana n'kupambana 111-110. Munthu wadikira kuyambira 2:30 usiku mpaka kunja kukuyera, kenako mphindi yokoma kuposa zonse n'kuimva kuchokera pakamwa pa wobetcha. Sindikunena kuti obetcha athamangitsidwe, popeza nawonso amalipira pakhomo, koma mwini malo angathe kuika lamulo loti m'chigawo chomaliza mafoni akhale m'thumba, monga momwe analetsera kale kusuta fodya m'chipindamo ndipo aliyense amamvera.

Za jenereta ndingonena mwachidule kuti ilipo ndipo imagwira ntchito, koma magetsi akazima pamatenga mphindi zingapo kuti ilire, chifukwa imasungidwa m'kachipinda kokhoma ndipo kiyi amakhala ndi mnyamata amene nthawi zambiri amakhala ali mtulo. Chimbudzi chili kuseri, chilibe getsi, ndipo loko wake anathyoka. Namwino uja anandiuza kuti anzake awiri omwe ankasewera basketball ali ku sekondale anabwera kamodzi osabweranso pa chifukwa chimenechi, ndipo n'zosadabwitsa kuti m'chipindamo amayi amakhala mmodzi kapena awiri basi.

Makambirano a usiku wa NBA ndi aphokoso kuposa a mpira wa m'mayunivesite, koma ine ndimawaona kuti ndi osazama. Pafupifupi usiku uliwonse nkhani imathera pa funso loti wamkulu ndani pakati pa Michael Jordan ndi LeBron James. Mbali imodzi imati Jordan anafika mu ndime yomaliza ka 6 ndi Chicago Bulls n'kupambana konse, kuyambira 1991 mpaka 1993 komanso 1996 mpaka 1998. Mbali inayo imati LeBron anatenga zikho 4 ndi matimu atatu osiyana, anaposa mapointi 38,387 a Kareem Abdul-Jabbar mu Febuluwale 2023, ndipo mu 2016 anatsogolera Cleveland kubweza kuchokera pa 3-1 pokumana ndi Warriors yomwe chaka chimenecho inapambana masewero 73 mwa 82. Mfundo zonsezi ndi zoona, koma zimabwerezedwa ndi mawu omwewo mwezi ndi mwezi, ndipo mwini malo, amene pa mpira wa m'mayunivesite amatsogolera bwino nkhani, apa amangokhala pakhomo akuwodzera. Amene amathetsa phokosolo ndi namwino uja, wochemerera Boston Celtics, amene amangofunsa modekha kuti ngati tikuwerenga zikho, nanga Bill Russell wa Boston amene anatenga 11 timuika pati. Akafuna kuputa a Lakers amawakumbutsa kuti Boston ili ndi zikho 18 kuchokera pomwe inagonjetsa Dallas mu 2024, pomwe Lakers ili ndi 17, ndipo 5 mwa zimenezo inatenga timuyo ikadali ku Minneapolis.

Ndakhala ndikuganizira chomwe chimasiyanitsa mausiku awiriwa, ndipo ndaona kuti ochemerera NBA kuno ambiri amatsatira wosewera, osati timu. Amene ankavala malaya a Miami mu 2012 anasamukira ku Cleveland mu 2014, kenako ku Lakers mu 2018, chifukwa LeBron ndiye anasamuka. Pamene Luka Dončić anachoka ku Dallas kupita ku Lakers posinthanitsidwa ndi Anthony Davis mu Febuluwale 2025, nkhani yomwe ambiri m'mawa umenewo anayamba aiyesa yabodza, anyamata awiri omwe ankati ndi a Dallas anasanduka a Lakers tsiku lomwelo popanda manyazi. Udani wa Celtics ndi Lakers, womwe unafika pachimake pamene Larry Bird ndi Magic Johnson anakumana mu ndime yomaliza mu 1984, 1985 ndi 1987, amaumva ndi achikulire ochepa okha. N'zochititsa chidwi kuti awiriwa anayamba kulimbana ali m'mayunivesite, pa masewero omaliza a mu 1979 pakati pa Michigan State ndi Indiana State, ndipo mwini malo akanati aziikako nkhani zotere pa nthawi yopuma, monga amachitira mu Novembala, usiku wa NBA ukanakhala ndi kukoma kwina.

Pali nthawi imodzi yokha pomwe chipinda chonse chimakhala mbali imodzi, ndiyo pamene m'bwalo muli wosewera wochokera ku Africa. Achikulire amatchula Hakeem Olajuwon wa ku Nigeria, amene anatenga zikho ndi Houston mu 1994 ndi 1995, komanso Dikembe Mutombo wa ku Congo, amene atamwalira mu Seputembala 2024 mwini malo analemba dzina lake pamwamba pa bolodi n'kulisiya sabata yathunthu. Achinyamata amatchula Joel Embiid wa ku Cameroon, wosewera wopambana onse mu 2023, ndi Giannis Antetokounmpo, wobadwira ku Greece kwa makolo a ku Nigeria, amene anaponya mapointi 50 pa masewero omwe Milwaukee inatengera chikho mu 2021. N'chifukwa chake pa masewero achisanu ndi chiwiri a ndime yomaliza ya 2025, omwe kuno anayamba 2 koloko m'bandakucha wa Lolemba pa 23 Juni, pafupifupi tonse tinali a Indiana chifukwa cha Pascal Siakam, yemwenso ndi wa ku Cameroon. Haliburton anavulala msempha wa kuchidendene m'chigawo choyamba, ndipo chipinda chinakhala chete akumutulutsa m'bwalo. Oklahoma City inapambana 103-91, chikho chake choyamba kuchokera pomwe timuyo inasamuka ku Seattle mu 2008, ndipo Shai Gilgeous-Alexander anasankhidwa kukhala wosewera wopambana. Usiku umenewo dishi linagwira bwino, magetsi sanazime, zenera linali lotsegula chifukwa namwino analipo, ndipo mayi wogulitsa tiyi pakhonde anafika 4 koloko ndi ketulo yowira. Unali usiku wabwino koposa wa NBA womwe ndinakhalapo pa malowa, ndipo unandionetsa kuti zovuta zomwe ndatchulazi n'zotheka kuzikonza.

Amene akufuna kuyesa malowa koyamba ndingamulangize kuti ayambe ndi Loweruka madzulo pakati pa Seputembala ndi Novembala, pamene mpira wa m'mayunivesite ukuseweredwa, ndipo afike msanga kuti apeze benchi lakutsogolo, kutali ndi khoma la chipinda chachikulu. Wofuna NBA asankhe masewero a Lamlungu omwe nthawi zina amayamba masana ku America, chifukwa amenewo kuno amaoneka usiku usanakule, ndipo a pakati pa usiku awasungire ndime yomaliza. Akonzeretu za kabaza wobwererera, popeza nthawi ya 5 koloko m'mawa wa mu Juni anyamata ambiri a pa siteji amakhala asanatuluke. Ndinamuuza mwini malo zonse zomwe ndalemba pano ndisanazilembe, ndipo anavomera za khoma ndi za loko wa chimbudzi, koma za mafoni a obetcha anati aganizirabe, chifukwa amenewo ndi amene sajomba. Pamene ndinkadutsa pakhonde masewero a mu 2025 asanachitike, ndinaona kuti pakona ya bolodi walemba kale ndi choko chofiira kuti Michigan ndi Ohio State, 29 Novembala, ku Ann Arbor, 7 koloko madzulo, ndipo pansi pake wina wawonjezera ndi zilembo zing'onozing'ono kuti tiyi ndi mandasi ulendo uno agula ndi aphunzitsi omwe.